Khadi la Make Mapasa

Foni inalira Lachitatu m'mawa, Make Mapasa ali pakati powerengera kasitomala chenji cha misomali. Anaisuzumira pansi pa kauntala. Pagalasi panaoneka dzina limene iye mwini anaipatsa nambalayo: Osayankha. Kwa milungu isanu anakhala akulimvera dzinalo. Koma tsiku limeneli nambalayo inali itaimba kale kanayi chitsegulireni sitolo, ndipo abwana, amene ankakhala m'kaofesi ka magalasi kumbuyo kwake, anali atayamba kudzutsa mutu.

"Tandigwirirani pang'ono pa thilupa," anauza mnzake wosakaniza penti, amene aliyense ankangomutchula kuti Wapenti. Anathamangira kuseri kwa mulu wa matumba a simenti n'kuyankha.

Mawu a mayi wa ku banki anali ofewa ngati a nesi amene wabisa jakisoni kumbuyo.

"Mayi, mwasowatu. Miyezi itatu yadutsa musanalipire kalikonse pa khadi lanu la ngongole. Fayilo yanu ili patebulo panga mpaka Lachisanu thwelofu koloko. Ikachoka pano ipita kwa maloya, ndipo kalata yoyamba ilunjika kwa abwana anu kuti tizidula kumalipiro."

"Kuntchito kokha ayi, chonde. Ine ndimagwira ndalama za eni ake. Akangomva kuti ndili ndi ngongole yotere, pa thilu sindikhalanso."

"Ndiye bwerani tidzakambirane. Ine sindiluma."

"Yafika pati?"

Mayiyo anatchula. Make Mapasa anatsamira matumba aja osasamala kuti siketi ituwa. Anawerengera chamumtima. Anali malipiro ake a miyezi isanu ndi iwiri, osadya, osakwera basi, osagula ngakhale sopo.

Khadilo linalowa m'chikwama chake zaka zitatu zapitazo, tsiku limene anthu a ku banki anadzaika tebulo ndi ambulera panja pa sitolo. Ankati ndi bwenzi la pa tsiku la mavuto. Choyamba kugula nalo chinali nsapato za sukulu za ana ake amapasa, mwezi wina ndalama za amuna ake zitachedwa. Anabweza zonse mwezi womwewo, nadziona wochenjera. Kenako anazolowera. Sitetimenti inkabwera ndi manambala awiri, yaikulu ndi yaing'ono, ndipo pambali pa yaing'onoyo ankalemba kuti ukalipira imeneyi basi uli bwino. Ndani angasankhe yaikulu? Anadzazindikira mochedwa kuti kandalama kakang'onoko kankangothera pa chiwongola dzanja, ngongole yeniyeniyo ili phee, ikunenepa.

Amuna ake, Bambo a Mapasa, ankayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, ndipo mwezi unkatha asanaponde pakhomo. Akalandira ankatumiza ndalama pawiri: zapakhomo, ndi zina ku akaunti yosungira, zodzagulira puloti. Akauntiyo inali m'maina a onse awiri, koma mauthenga ake ankafikira pa foni ya mkazi. Chaka chatha Make Mapasa anayamba kutapako kuti azitseka pakamwa pa khadi. Ndikungobwereka, ankadziuza choncho, ndidzabwezera. Atazindikira kuti gawo limodzi mwa magawo atatu lapita, mantha anamugwira. Anasiya kutapa, anasiya kulipira, anasiyanso kuyankha foni.

Tsono puloti ija inali itapezeka. Amuna ake ankafika mawa lake, ndipo Lachisanu teni koloko anapangana ndi mwini puloti kuti akamupatse ndalama zonse.

Tsiku lonselo anagwira ntchito ngati munthu wobwereka manja. Kawiri konse anapereka chenji cholakwika. Chakumasana kontilakitala wina anadzagula malata ndi zitsulo zodzaza lole, nalipira ndalama zapamanja. Itakwana folo koloko abwana anatuluka atagwira tsaya.

"Ndikupita kwa dokotala wa mano, ndipo mawa ndi mkuja sindibwera. Mutseke nokha. Ndalamazo muike m'sefa, ndidzapita nazo ku banki Lolemba."

Atatseka zitseko, anakhala yekha m'kaofesi kaja ndi mipukutu ya ndalama patebulo. Anawerenga kamodzi, nawerenganso. Zinali zokwana kukwirira dzenje la mu akaunti ya puloti, zinanso n'kutsala. Palibe amene akanatsegula sefayo mpaka Lolemba. Chikwama chake chinali pamiyendo, zipi ili chitsegukire, ndipo sanakumbuke kuti waitsegula nthawi yanji. Lachisanu lidutsa bwinobwino, amuna ake agula puloti akuseka. Nanga Lolemba? Anafunafuna yankho la Lolemba m'mutu monse, osalipeza.

"Wapenti!" anakuwa.

Mnzakeyo anatulukira akupukuta manja ndi kansanza. "Kwagwanji, Akeshiya? Mwaona njoka?"

"Bwerani muwerenge nane ndalamazi, musayinenso apa."

"Chiyambire liti? Masiku onse mumawerenga nokha. Ine masamu anandikana ndili mwana."

"Lero ndikufuna mboni."

Wapenti anaika kansanza kaja pambali. Anawerenga, anasayina, ndipo Make Mapasa anamupempha kuti apotokole yekha kiyi wa sefa.

Lachinayi madzulo amuna ake anafika akuimba mluzu kuyambira pa geti. Mapasa, atsikana a zaka zisanu ndi zinayi, anawalumphira wina kukhosi wina kumsana. Asanavule n'komwe nsapato, bambowo anatulutsa pepala m'thumba la shati n'kuliyala patebulo. Linali pepala lakale loperekera katundu, ndipo kuseri kwake anali atajambulako nyumba ndi bolopeni.

"Bwera udzaone, Make Mapasa. Apa khitchini yako, zenera loyang'ana kum'mawa. Apa chipinda cha akazi awiriwa, aliyense bedi lake, aleke kumenyana mateche. Apa khonde langa, ndikadzakalamba ndizidzakhala apa n'kumanena anthu odutsa."

"Bambo a Mapasa, pali nkhani ina."

"Ya lendi? Miyezi yochepa yatsala, landilodi tidzamutsanzika ndi nyimbo." Anamuyang'anitsitsa. "Nkhope yagwa bwanji? Wadwala?"

Ana aja anali atadzadza patebulo, akukanganirana kuti bedi la kuzenera likhala la ndani. Make Mapasa anawayang'ana anawo.

"Ndi mutu chabe," anatero.

Lachisanu anapempha Wapenti kuti amugwirire mpaka masana. Anaperekeza ana ku sukulu, ndipo naini koloko iye ndi amuna ake anali atalowa m'banki. Pakhomo panali kamakina kotulutsa timapepala ta manambala. Iwo anapatsidwa 47. Pachikwangwani cha magetsi pamwamba pa makauntala panali 41.

Anakhala pa mipando yachitsulo yolumikizana. Amuna ake anavala shati yoyera, chikwama chachikopa chotengera ndalama chili pamaondo. Belu linalira, 42. Anayamba kufotokoza za mtengo wa mango umene uli pakona pa pulotiyo, kuti sadzaudula. 43. Make Mapasa ankangoyang'ana manambala ofiirawo. Ankadziwa kuti akafika pa kauntala, keshiya wa bankiyo adzangotembenuza kompyuta n'kunena kuti pepani bambo, ndalama zimene mukufunazi mulibe, ndipo amuna ake adzamvera pamenepo, pamaso pa anthu. 44. Anatembenukira kwa amuna ake. 45.

"Bambo a Mapasa, ndalama sizikwana."

"Zikwana, zitsalanso za njerwa zoyamba. Ndakhala ndikuwerengera."

"Sizikwana. Ndinatapako."

Amuna ake anatembenuka pang'onopang'ono, kumwetulira kusanachoke kwenikweni pankhope. Belu linalira, 46.

"Zingati?"

"Gawo limodzi mwa atatu."

"Wapatsa ndani?"

"Banki yomwe ino. Ndili ndi khadi la ngongole. Zimene ndinatapazo sizinathetsenso ngongoleyo. Yatsala yaikulu, ndipo ikafika thwelofu koloko lero akulembera abwana anga."

"Chiyambire liti?"

"Zaka zitatu."

47 inawala. Belu linalira kachiwiri, kachitatu. Mlonda anayang'ana uku ndi uku kufuna mwini nambala. Bambo a Mapasa sananyamuke. Kapepala kaja anakafinya m'dzanja mpaka kanasanduka kampira. Make Mapasa ankayembekezera kukuwa, kapena kuti anyamuka n'kumusiya pomwepo. M'malo mwake analankhula motsitsa mawu, ndipo pa zaka khumi ndi ziwiri za ukwati wawo aka kanali koyamba kumutchula kuti inu.

"Mayi, ndionetseni munthu amene mumakambirana naye."

Ofesi ya mayi wa ku banki inali pamwamba, kumapeto kwa kanjira kopapatiza. Anali munthu wachikulire kuposa mmene mawu ake ankamvekera, wa magalasi a chingwe, fulasiki ya tiyi ili pambali pa mulu wa mafayilo. Anawapatsa mipando osaonetsa kudabwa kulikonse.

"Ndikufuna kuona chilichonse chimene chinagulidwa," anatero Bambo a Mapasa. "Kuyambira tsiku loyamba."

Makina osindikizira analira kwa nthawi yaitali. Mapepala anatuluka ofunda, mulu wokhuthala ngati buku la nyimbo. Teni koloko itakwana foni yawo inalira, mwini puloti. Anaizimitsa n'kuiika chafufumimba patebulo. Anayamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere uliwonse.

"Nsapato za ana. Chabwino. Sofa." Anadzutsa maso. "Munandiuza kuti ndi bonasi ya kuntchito."

"Ndinanama."

"Foni."

"Yanga."

"Diresi, nsapato, saluni, zonse tsiku limodzi."

"Ukwati wa mnzanga wa kuntchito. Ndinkachita manyazi kubwereza diresi."

"Manyazi," anabwereza mawuwo ngati akuwalawa. Anatenga bolopeni ya mayi wa ku banki osapempha, nayamba kuika mtanda pa chilichonse chimene mkazi wawo wavomera. Mitanda inachuluka. Make Mapasa ankamva ngati iliyonse akuilemba pamsana pake.

Pa tsamba lachisanu ndi chinayi chala chinaima.

"Chipatala? Ndalama zonsezi? Anadwala ndani ine osadziwa?"

"Mumadziwa. Ndi opaleshoni ya diso ya amayi anu. Munaimba muli pamzere wa mathiraki, munati chitapo kanthu, ndidzabweza ndikabwera."

"Ndiye sindinabweze?"

"Mutabwera munati mwezi wavuta."

Bolopeni inakhala m'mwamba. Kenako anaika kamzere m'malo mwa mtanda, napitiriza. Patsogolo panali fizi ya mlongo wawo wamng'ono, teremu ziwiri. Kamzere. Panali ndalama zimene anamuuza kuti atumize mwachangu atalipitsidwa chindapusa pamsewu. Kamzere. Mawu awo anayamba kutsika. Kenako anabwerera m'mbuyo masamba angapo, napitanso patsogolo, ngati munthu amene wasochera.

"Izi bwanji? Mwezi uliwonse, kuyambira pa 20, ndi golosale yokhayokha. Mafuta ophikira, sopo, buledi, magetsi. Ndalama zapakhomo ndimatumiza zija zimapita kuti?"

Make Mapasa anapuma mozama. Mantha aja anali atatha mphamvu, atangotsala ndi kutopa.

"Zimatha pa 20. Zaka zinayi simunakwezepo, pamene zinthu zakwera kawiri katatu. Malipiro anga amathera ku lendi. Ndinakuuzanipo kawiri. Munati tilimbe mtima, tikamadya zonse puloti sitidzaiona. Ndiye ndinasiya kunena." Anayang'ana pansi. "Koma sofa ndi ine. Kubisa ndi ine. Kutapa ndalama zanu ndi ine. Zimenezo sindikukankhira munthu."

Panja pa zenera galimoto ina inkaliza hutala mosalekeza.

Mayi wa ku banki anakonza magalasi. "Bambo, mwaika mitanda ndi timizere. Pali mizere ina simunaikepo kanthu." Analoza ndi chikhadabo m'munsi mwa tsamba lililonse. "Ichi ndi chiwongola dzanja. Ichi ndi chilango cholipira mochedwa. Mukaziphatikiza zikuposa mitanda yanu, zikuposanso timizere tanu. Zimenezi simunakhalirepo, simunavale, simunadye."

"Ndiye titani?"

"Njira zilipo ziwiri. Titha kuigawa ngongoleyi kuti muzilipira zaka zitatu, koma poti mayiwa anadumpha miyezi, lamulo lathu likuti tizidulira kumalipiro, ndiye kalata ipitabe kuntchito. Kapena mulipire yonse lero. Mukatero nditha kupempha amanijala kuti achotse zilango zonse. Koma asayine fayilo isanapite kwa maloya thwelofu koloko."

Analemba nambala pa kapepala n'kukakankhira pakati pa tebulo. Onse awiri anaweramira. Inali pafupifupi zonse zimene zinatsala mu akaunti ya puloti. Wotchi ya pakhoma inkati leveni koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Foni ija inayambanso kunjenjemera patebulo. Ulendo uno Bambo a Mapasa anaitenga n'kutuluka nayo m'kanjira. Make Mapasa ankawaona kudzera pagalasi la chitseko, akuyenda uku ndi uku, dzanja lina lili pamutu. Mayi wa ku banki anathira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki n'kumupatsa. Sanathe kumwa. Anangochigwirizira m'manja.

Bambo a Mapasa atabwerera sanakhale pansi.

"Akuti ndimupatse zimene zilipozi lero, zotsalazo adikira miyezi itatu. Koma ndifike isanakwane wani koloko. Pali munthu wina ali naye pomwepo, ndalama zili m'manja."

Make Mapasa anaika chivundikiro chija patebulo. Puloti inali ikadali yotheka. Anaganiza za zaka zimene munthuyu wagona m'thiraki m'mphepete mwa misewu, kudya zozizira, kuti ndalamazo zifike pomwe zinafika.

"Pitani mukagule," anatero. "Ngongoleyi ili m'dzina langa. Kalata ipite. Ndikawafotokozera ndekha abwana."

"Akakuchotsani ntchito?"

"Ndidzaona chochita."

"Mudzaona chochita." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Kuona chochita nokha n'kumene kwatifikitsa pano. Ntchito yanu ikatha lendi alipira ndani? Zotsala za puloti m'miyezi itatu ndizitenga kuti? Ndikabwerekenso? Tidzamange nyumba pamwamba pa dzenje?"

Amuna ake anayang'ana wotchi, anayang'ana kapepala kaja, kenako anaponya chikwama chachikopa chija pampando.

"Mayi, kaitaneni amanijala anuwo."

Amanijala anali pa msonkhano. Mayi wa ku banki anatuluka ndi fayilo, nawasiya awiriwiri. Mphindi zinayenda. Palibe amene anayang'ana mnzake. Hafu leveni inadutsa. Make Mapasa ankamva nsapato iliyonse yodutsa m'kanjira, mtima n'kudumpha, nsapatoyo n'kupitirira. Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane thwelofu, chitseko chinatseguka.

"Ndawatulutsa pakati pa msonkhano, andiyang'ana ndi diso loipa, koma asayina. Sayinani apa nonse awiri kuti ndalama zichoke mu akaunti yosungira."

Bambo a Mapasa anasayina mokanikiza mpaka bolopeni inaboola pepala. Mkazi wawo anasayina pansi pake. Mayiyo anagogoda pa kompyuta, nadikira, kenako anaitembenuza kuti aone. Pamalo pa ngongole panali ziro.

Make Mapasa anayamba kunyamuka.

"Khalani kaye," anatero mayiyo. "Mwalipira, koma khadi likadali lamoyo. Mukatuluka nalo muno, sabata yamawa mulandira uthenga wokuyamikirani, wokuuzani kuti takukwezerani ndalama zimene mungabwereke. Ambiri amene amakhala pampando umenewo ndimawaonanso pakatha chaka. Kutseka ndi fomu ina, ndipo wosayina ndi mwini khadi yekha. Bambowa alibepo mawu."

Amuna ake anayang'ana kuzenera. Make Mapasa anatulutsa khadilo m'kathumba ka m'kati mwa chikwama, kumene linkabisala kuseri kwa makadi a kuchipatala a ana. Anaganiza za pa 20 pamene pakubwera, za mwana kudwala mwadzidzidzi bambo ake ali kutali. Kenako anasayina, ndipo mayiyo anamupatsa sizasi yaikulu ya mu dirowa. Pulasitikiyo inali yolimba kuposa mmene ankaganizira, moti anachita kugwira ndi manja awiri.

Panja dzuwa linali litakwera pamutu. Anaima pamasitepe a banki, anthu akuwadutsa mbali zonse.

"Mwini puloti uja ndikamuuza pamaso, si za pafoni," anatero Bambo a Mapasa. "Inu pitani kuntchito."

"Bambo a Mapasa, pepani."

"Ndamva. Koma musandifunse kuti ndakhululuka, chifukwa lero ndinama."

Anatsika masitepe, chikwama chopanda kanthu chili kukhwapa.

Loweruka anapita limodzi kukalembetsa kuti mauthenga a akaunti azifika pa mafoni onse awiri. Sofa ija Make Mapasa anaigulitsa yekha kwa neba pa theka la mtengo, ndalama zake n'kuziika mu akaunti yosungira. Mapasa anadandaula masiku awiri, kenako anapeza kuti pabalaza popanda sofa mpabwino kudumphira chingwe. Lamulungu bambo awo ananyamuka. Anatsanzika ana ndi nthabwala, mkazi wawo ndi mawu awiri okha. Mwezi umenewo ndalama zapakhomo anatumiza zoonjezerako pang'ono, osanena kanthu.

Ngakhale zinali choncho, pa 24 zinatha. Make Mapasa anaima m'khitchini madzulo atabwera kuntchito, botolo la mafuta litatsala dontho, mita ya magetsi ikulira. Kawiri anatenga foni n'kuibwezera. Kachitatu anaimba.

"Zatha," anatero atangoyankha. "Kwatsala masiku asanu ndi limodzi."

Kumbali inayo kunkamveka phokoso la injini. Kenako phokosolo linatsika, ngati thiraki yaima pambali pa msewu.

"Dikirani ndipeze cholembera. Eya. Tiyambe ndi mafuta ophikira, botolo lalikulu ndi zingati masiku ano?"

Anawauza.

"Zingati? Mafuta ake ndi a ndege kapena?" Anapuma mokoka. "Chabwino, ndalemba. China?"

Make Mapasa anakoka mpando, anakhala pansi, natsegula kabati kuti asaiwale kanthu.